Mlandu wa Tsamba la Canzi

Mwezi wa June ukafika, mphepo yozizira imakuntha midzi ya kwa Kalindawalo m'boma la Petauke, ndipo m'nyumba iri yonse mumveka kutsokomola ndi kuyetsemula. Pamenepo nkhalamba ya pamudzi sicedwa ai. Imatsikira m'mbali mwa dambo, nithyola masamba a canzi, niwaphika mumphika, nimwetsa adzukulu ace madziwo akali ofunda. Kawirikawiri pakhomo pomwepo pamakhala mnyamata amene anatsiriza sukulu caka catha, ali ciriri manja m'matumba, naseka nati, "Ambuya, zimenezo nzakale. Masiku ano anthu amwa mankhwala a m'botolo." Nkhalamba siyankha kanthu, ingosonkhezera moto.

Mwezi wa February ukafika, m'cigwa ca Luangwa, kwa Luembe ndi kwa Mwape m'boma la Nyimba, madzi adikha ponseponse, ndipo udzudzu ulira usiku wonse. Mwana wa zaka ziwiri atentha thupi. Amphikira canzi comweco tsiku loyamba, laciwiri ndi lacitatu. Tsiku lacinai mwanayo akomoka, ndipo mpamene amuna ayamba kufunafuna njinga. Ena afika naye ku cipatala akali moyo, ena abwerera panjira ndi maliro. Pamudzi pameneponso panali mnyamata wa sukulu, ndipo anadziwa bwino lomwe kuti mwanayo afunika kupimidwa mwazi. Koma mau ace sanapite patali, pakuti ndani amvera munthu amene anyoza ciri conse ca pamudzi?

Pa nkhani ziwirizi pali milandu iwiri. Woyamba ndiwo kunyoza mankhwala amene athandizadi pa nthenda yace. Waciwiri ndiwo kukhulupirira mankhwala omwewo pa nthenda imene siiri yace. Mlandu waciwiri ndiwo ukupha ana, koma woyamba ndiwo uudyetsa. Ndipo amene ayenera kuyankha pa yonse iwiri ndiye wophunzira, popeza iye yekha anapatsidwa mwai wa kudziwa za kumudzi ndi za m'mabuku zomwe.

Canzi ndi citsamba ca nthambi zolimba, cotalika kufika m'ciuno kapena paphewa pa munthu, ndipo cikonda kumera m'mbali mwa madambo, m'mphepete mwa minda ndi m'njira. Masamba ace ngokhakhala, otuluka awiriawiri moyang'anana, ndipo munthu akawatikita m'manja anunkhira ngati ndimu. Maluwa ace ngang'onoang'ono, oyera, ounjikana pamodzi ngati kamutu. Odziwa za zomera analemba dzina lace m'Cilatini kuti Lippia javanica. Ku Zimbabwe ati zumbani, ndipo Azulu ati umsuzwane. Maina a zitsamba asiyana dera ndi dera, ndipo dzina la canzi ena alipatsanso zitsamba zina zonunkhira. Cifukwa cace cizindikiro cokhulupirika ndico maonekedwe ndi fungo. Fungolo licokera m'mafuta amene ali m'masamba, ndipo mafutawo akwera ndi nthunzi pophika. Nthunziyo ipeputsa mphuno zotsekeka, madzi ofunda afewetsa pakhosi pokanda, ndipo wodwala amene sakadamwa madzi wamba amwa zikho zingapo, nabwezera m'thupi madzi amene anataya ndi thukuta. Akatswiri a ku South Africa ndi ku Zimbabwe anayesanso mafutawo, napeza kuti athamangitsa udzudzu kwa maora angapo. Zimenezi nkhalamba inazidziwa kale, pakuti imapacika nthambi zace m'nyumba madzulo.

Tsono mnyamata woseka uja afunika kufunsidwa: kodi mankhwala a m'botolo amene atama acita ciani pa cimfine? Cimfine cidza ndi tizirombo tating'onoting'ono tochedwa mavairasi, ndipo mitundu yace ipitirira 200. Kufikira lero lino palibe dotolo pa dziko lonse lapansi amene ali ndi mankhwala akupha tizirombo ta cimfine wamba. Thupi lokha ndilo litigonjetsa, ndipo nthendayo itha yokha pakapita mlungu umodzi kapena masiku khumi. Cimene mankhwala a m'sitolo acita ndi kupeputsa mutu, mphuno ndi pakhosi poyembekeza kuti thupi litsirize nchito yace. Canzi cicitanso zomwezo, ndipo sicilira ngwee. Koma wophunzira wonyada apita pamsika wa Petauke, nagula makapisozi awiri kapena atatu, nameza, nadziyesa wotsogola. Makapisozi amenewo anapangidwira tizirombo ta mtundu wina, mabakiteriya, ndipo pa cimfine alibe mphamvu konse. Coipitsitsa ncakuti kuwamwa mwacisawawa kuzoloweretsa mabakiteriya, kotero kuti tsiku limene munthuyo adzadwala cibayo makapisozi aja adzapezeka atafooka. Pa awiriwa, nkhalamba ndi mdzukulu wace, amene wacita za umbuli ndiye wa setifiketi.

Kunyoza kumeneku kuli ndi mbiri yace. Boma la atsamunda linakhazikitsa lamulo la za ufiti m'Northern Rhodesia m'caka ca 1914, ndipo ngakhale lamulolo linalunjika pa kuombeza ndi kuloza anthu ufiti, m'maganizo a ambiri wothyola masamba ndi woombeza ula anamangidwa mtolo umodzi. Ana a sukulu anakula akumva kuti za kuthengo nza mdima. Koma wophunzira weniweni akadawerenga pang'ono akadacita manyazi. Kwinini, amene anapulumutsa Azungu ambiri m'dziko lino, anacokera m'khungwa la mtengo wa cinchona wa ku mapiri a ku Peru. Khungwalo linafika ku Ulaya m'zaka za m'ma 1600, ndipo m'caka ca 1820 Afalansa awiri, Pelletier ndi Caventou, anapatula mphamvu yace. David Livingstone, amene anapita pa Zumbo pamene Luangwa athira m'Zambezi m'caka ca 1856, anayenda ndi kwinini m'bokosi lace. Ndipo Coartem, amene apatsidwa lero m'cipatala ca Minga, ca Nyanje, ca Petauke ndi ca Nyimba, mphamvu yace yaikulu icokera m'citsamba ca ku China cochedwa Artemisia annua. Mai Tu Youyou ndi anzace anaipatula m'caka ca 1972 atawerenga mabuku a asing'anga akale a kwao, ndipo m'caka ca 2015 maiyo analandira mphoto ya Nobel. Comweco wonyoza masamba akameza Coartem ameza mdzukulu wa tsamba.

Apa ogulitsa mankhwala a zitsamba aomba m'manja, nati, "Mwamva! Masamba aciritsa malungo." Koma asafulumire kuvina, pakuti mbiri yomweyi iwatsutsa iwo koposa. Mai Tu Youyou ndi anzace anasanthula njira za asing'anga zoposa 2,000, nayesa zitsamba mazana, ndipo pafupifupi zonse zinalephera. Cimodzi ndico cinapambana, ndipo ngakhale ico cinagwira nchito atapeza njira ya kutulutsa mphamvu yace osaiononga ndi moto. Pambuyo pace anayesa pa nyama, nayesa pa anthu, napima muyeso woyenera mwana ndi woyenera wamkulu. Phunziro lace ndi ili: zitsamba zina ziri ndi mphamvu pa malungo, zambiri ziribe, ndipo cosiyanitsa ndico kuyesa. Canzi sicinaonetsedwe kuti cicotsa tizirombo ta malungo m'mwazi wa munthu. Kunena kuti popeza khungwa la ku Peru liciza malungo ndiye kuti tsamba la ku Nyimba licizanso, kuli ngati kunena kuti popeza ng'ombe ikoka ngolo ndiye kuti mbuzinso ikoka, pakuti zonse ziri ndi nyanga.

Gwero la cisokonezo liri m'mau omwe. M'cinenero ca anthu, malungo ndi dzina la kutentha thupi kuli konse: kuphwanya m'thupi, litsipa, kuzizidwa, zonsezi ati malungo. Koma pansi pa dzina limodzili pabisala nthenda zosiyana kutalitali. Pali kutentha kwa cimfine, kumene kutha kokha. Pali kutentha kwa cibayo, kumene kufuna makapisozi aja pa muyeso wace. Ndipo pali malungo a udzudzu, amene kacirombo kace anakaona Laveran m'mwazi wa munthu ku Algeria m'caka ca 1880, ndipo Ronald Ross anaonetsa ku India m'caka ca 1897 kuti kayenda ndi udzudzu. Tsiku loyamba nthenda zitatuzi zifanana, ndipo dzanja logwira pamphumi silingathe kuzisiyanitsa, likhale la nkhalamba kapena la dotolo. Cifukwa cace kucipatala abaya cala, natenga kadontho ka mwazi, ndipo pakapita mphindi 15 kapena 20 yankho lituluka.

Nanga bwanji anthu ambiri alumbira kuti canzi cinawaciritsa malungo? Sanama ai, koma ananyengeka, ndipo zifukwa zace nzitatu. Coyamba, ambiri a iwo anadwala cimfine, cimene cikadatha ngakhale akadamwa madzi a pacitsime. Caciwiri, malungo a udzudzu ali ndi cikhalidwe ca kubwerera. Tizirombo tace tiyamba takhala m'ciwindi ngati mlungu umodzi, kenaka tilowa m'mwazi, tiswana, ndipo pakapita masiku awiri tiphulitsa timbali tofiira ta mwaziwo ndi kulowa mwa tina. Pophulika thupi litentha. Pambuyo pace lizizira, wodwala natuluka thukuta, nadzuka, napempha phala. Amene anamwa canzi madzulo ayamika canzi m'mawa, osadziwa kuti mdani wangobisala kuti acuruke. Cacitatu, munthu wamkulu wa m'cigwa walumidwa ndi udzudzu ciyambire ubwana wace, nadwala kambirimbiri, ndipo thupi lace laphunzira kulimbana nato tizirombo. Kotero acira pang'onopang'ono ngakhale asamwe kanthu. Mwana wa zaka ziwiri alibe cida cimeneco, ndipo mkazi wapakati cida cace cifooka. Mwa mwana tizirombo ticuruka msanga, timaliza mwazi, titseka timitsempha ta muubongo, ndipo amene anali kusewera Lolemba angathe kuikidwa Lacinai. Bungwe la za umoyo la dziko lonse linawerenga kuti m'caka ca 2023 malungo anapha anthu pafupifupi 597,000, ndipo 95 mwa 100 ali onse anali a mu Africa. Mwa iwo atatu mwa anai ali onse anali ana osafika zaka zisanu.

Ena ati, "Makolo anakhala ndi masamba okhaokha, ndipo mtundu sunathe." Zoonadi sunathe. Koma wonena mauwa akakhale pansi ndi nkhalamba iri yonse ya kwa Ndake kapena kwa Mumbi, naifunse kuti inabala ana angati ndipo anakula angati. Ayifunsenso za amace ndi ambuye ace. Adzamva maina a ana amene palibe awachula tsopano. Makolo sanakane mankhwala a malungo, analibe. Anagwiritsa cimene cinalipo, nalira maliro amene sakadatha kuwaletsa. Kutsanzira kusowa kwao lero, pamene mankhwala alipo, si ulemu kwa iwo. Mau a akuluakulu akoma akagonera, koma mwana wotentha thupi sagonera.

Ena ati, "Cipatala ciri kutali, ndipo dzinja njira zifa." Awa anena zoona, ndipo munthu wokhala m'mbali mwa mseu waukulu wa ku Chipata asawaseke. Kucokera m'midzi ya kwa Nyalugwe kapena kwa Mwape kufika pa Nyimba ndi ulendo wa mapiri ndi mitsinje yodzala. Koma kutalika kwa njira ndico cifukwa ca kunyamuka msanga. Mwana wa tsiku loyamba aberekeka kumbuyo, ayamwa panjira, ndipo mankhwala akumwa amkwanira. Wa tsiku lacinai afuna jekeseni, kapenanso mwazi, umene upezeka ku cipatala cacikulu cokha. Kuonjezera apo, m'midzi yambiri ya cigawo ca kum'mawa muli anthu ophunzitsidwa ndi Boma kupima malungo ndi kupereka mankhwala pamudzi pomwepo, ndipo m'zipatala za Boma kupima ndi mankhwala a malungo salipiritsa. Nthawi zina mankhwala asowa, ndipo cimeneco ndi colakwa cacikulu. Koma mlandu wace upite kwa khansala, kwa mfumu ndi kwa akulu a za umoyo pa boma, ndipo wodziwa kulemba kalata ndiye autenge. Mphika wa canzi sungaweruze mlandu umenewo.

Ena ati, "Mankhwala a Azungu nawonso alephera." Indedi. Chloroquine anagwira nchito zaka zambiri, kenaka tizirombo tinamzolowera, ndipo ana anayamba kufa atamwa. Koma taonani cimene cinacitika: madotolo anawerenga odwala amene sanacire, navomera poyera kuti mankhwalawo afooka, ndipo m'caka ca 2002 Boma la Zambia linasankha Coartem, nayamba kugawidwa m'caka ca 2003, dziko lino nikukhala pakati pa oyamba mu Africa kucita cotero. Mankhwala amene awerenga akufa ace ndi kusintha njira ayenera kukhulupiridwa koposa amene awerenga ocira okhaokha. Wogulitsa mabotolo pa siteshoni ya basi, amene botolo lace limodzi ati liciza malungo, shuga, cifuwa cacikulu ndi kusabala, sanabwerepo kudzafunsa kuti womwa uja ali kuti. M'caka ca 2021, pamene nthenda ya Covid-19 inaopsa anthu, zumbani anagulitsidwa m'miseu ya Harare ngati cuma, ndipo kufukiza kunafala m'maiko onse ano. Ena anapepukidwa mphuno, ndipo nzabwino. Koma tsambalo silinaonetsedwe kuti lipha kacirombo ka nthendayo, ndipo wobanika anafunikabe mpweya wa ku cipatala.

Ngakhale pa cimfine pomwe, tsamba lifuna nzeru, pakuti safunsa anadya phula. Canzi ciri ndi mbale wace woipa, citsamba ca Lantana camara, cimene cinacokera ku America ngati duwa la pakhomo, nicifalikira m'thengo. Masamba ace afanana ndi a canzi, koma nthambi zace ziri ndi timinga, maluwa ace ngofiira, acikasu ndi ofiirira pamutu umodzi, ndipo zipatso zace zida bii zikapsa. Cimeneci ciononga ciwindi ca ng'ombe, ndipo zipatso zace zaziwisi zidwalitsa ana. Nkhalamba sizisokoneza ziwirizi. Amene azisokoneza ndiye mdzukulu amene sanafune kuphunzira. Canzi ceniceninso sicimwedwa cowawitsa, kapena masiku osawerengeka, pakuti mafuta ace ngamphamvu. Khanda losafika miyezi isanu ndi umodzi liyamwe bere lokha. Mwana wamng'ono asafunditsidwe bulangete pamwamba pa mphika wowira, popeza mphika ukagubuduka cironda ca moto ciposa cimfine kutalitali. Ndipo cifuwa cikapitirira milungu iwiri, mwini wace akapimitse makhololo.

Malire ace tsono ngoonekeratu, ndipo wophunzira ali yense angathe kuwasunga pamtima. Mphuno zocuca, kuyetsemula ndi pakhosi pokanda, munthu ali kudya ndi kuyenda: apa canzi ciri pa nchito yace. Koma thupi likatentha, makamaka la mwana kapena la mkazi wapakati, mwazi upimidwe tsiku lomwelo, dzuwa lisanatulukenso kawiri. Akapezeka malungo, Coartem amwedwa kawiri pa tsiku masiku atatu, ndipo atsirizidwe yense ngakhale wodwala adzuke tsiku laciwiri. Mwana akakana kuyamwa, akasanza ciri conse, akapuma mofulumira nthiti zirikulowa, akayera m'manja, akagona osadzutsika kapena kukomoka, usiku si cifukwa ca kudikira.

Zonsezi nzosabvuta kuzidziwa. Cobvuta ndico kumveka pamudzi. Pa mlandu wa mwana wodwala, mau otsiriza ali ndi ambuya ndi atsibweni, ndipo iwo samvera buku, amvera munthu. Mnyamata amene anaseka mphika wa June wataya mpando wace pabwalo la February. Koma amene anatsagana ndi ambuya ace kudambo, nafunsa dzina la tsamba liri lonse, nalemba m'kope lace, namwa cikho cace ca canzi nayamika, ameneyo tsiku lina adzagwada pambali pa mphasa nati, "Ambuya, canzi canu ndicidziwa, ndipo candithandiza kawirikawiri, koma kutentha uku tiyeni tikaone ngati si kwa udzudzu. Njinga ndapopa kale." Ndipo nkhalamba, podziwa kuti wolankhulayo si wonyoza, idzatenga nsaru niberekesa mwana kwa amace.

Sukulu siinatumize ana a ku Petauke ndi ku Nyimba kumudzi kuti akazule zitsamba za makolo, kapena kuti akagwadire ciri conse copachikidwa dzina la mwambo. Inawaphunzitsa kufunsa kuti cinthu cicita ciani, ndipo cilekeza pati. Wophunzira amene adziwa kuthyola canzi mwezi wa June ndi kupalasa njinga mwezi wa February, maphunziro ace apindulira mudzi wonse.